Mjigo Wagwera ku Zambia

Lolemba m'mawa Fulagensio wafika ndi fulashi,
fumbi la ku Mkanda lidakali m'nsidze.
Waiponya patebulo ngati chenji cha m'minibasi:
"Madontho ako ndi awo, Elufe.
Masiku anayi njinga yamoto ikundiphwanya msana."

Ndalowetsa. Kompyuta ya khonsolo yatsokomola,
yaganiza, yaganizanso,
kenaka yalavula manambala mazana asanu ndi limodzi,
iliyonse ikukoka mchira wake.
Pagalasi lakuda bii
timadontho tamwazika ngati soya wotayika pamsika.

Ntchito yanga ndi kuyala dziko ngati mphasa,
ina pamwamba pa inzake.
Yapansi ndi ya mitsinje, imeneyo ndapaka buluu,
misewu ndi yofiira, malire a minda achikasu.
Ndikadina kamodzi, Bua wasowa.
Ndikadinanso wabwerera,
osandinyowetsa ngakhale chikhadabo.

Koma taonani zachitikazi.
Tchalitchi chaima pakati pa dambo,
msewu wadutsa m'zimbudzi za sukulu,
ndipo mjigo, mjigo wathu womwe uja wolira kwiyo kwiyo,
wadumpha malire, wagwera ku Zambia.
Kodi amayi azidinditsa pasipoti pokatunga madzi?

Fulagensio wafufuma: "Makina anga sanama!"
Mapu akale a m'kabati, achikasu ngati fodya wochedwa kugulidwa,
nawonso akuti sanama.
Ndakhala pakati pawo mpaka tiyi wazizira
ndisanatulukire pagona mlandu:
aliyense ali ndi mchombo wake wa dziko
pomwe amayambira kuwerenga mapazi.
Wina anakhoma chikhomo pansi agogo asanabadwe,
wina amafunsa zitsulo zoyandama kumwamba.
Ndauza kompyuta kuti awiriwa amvane,
mudzi wonse wasendera pamodzi
monga amasenderana anthu pabenchi ya kuchipatala,
mjigo wabwerera kwawo wopanda kulipira msonkho.

Tsopano paipi.
Abwana akufuna mzere wowongoka,
kuchokera pathanki kukafika pamsika,
chifukwa mita iliyonse ndi ndalama.
Ndaukoka. Wawongoka ngati ulusi wa mmisiri.
Chithunzi chochokera kumwamba chikuvomereza:
apo ndi tchire, chulu, ndi misuku iwiri basi.

Chithunzicho chinajambulidwa zaka zinayi zapitazo.
Sichikudziwa kuti Likisina, mwana wa malume,
anasalaza chulu chija n'kuumba njerwa,
anagulitsa mtedza zaka zitatu osagula chitenje,
malata makumi awiri ndi anayi
anawasenzetsa pangolo ine ndikuona.
Mzere wanga wofiirawu walowera pakhomo,
wadutsa pomwe amagona mwana wake,
watulukira kuseri kwa khitchini.
M'fayilo mulibe dontho la nyumbayo.
Fulagensio anauzidwa kuyeza mijigo ndi mabikoni,
za nyumba sanamutume.

Ndagwira mbewa ya pulasitiki, chala chili m'malere.
Kunja sitima kulibe, njanji ikungowotha dzuwa,
wogulitsa mandasi akuitana pawindo.

Ndapinda mzere.
Pang'ono chabe, ngati chigongono,
mamita khumi ndi asanu ndi anayi oonjezera
amene mawa ndidzawayankhire muofesi ya abwana
ndilibe pepala lililonse londiikira umboni.
Ndayala mphasa yatsopano pamwamba pa zonse,
ndajambulapo kabokosi ka ngodya zinayi,
dzina lake ndalemba: zimene ndinaona ndi maso.

Phethi! Magetsi apita.
Galasi lada, nkhope yanga yokha ikundiyang'ana.
Jenereta mafuta anatha Lachisanu.
Fulagensio akuseka pakhomo: "Unasunga koma?"

Sindikukumbuka.
Ndatenga pensulo, kuseri kwa envelopu ya malipiro
ndajambula thanki, msika, misuku iwiri,
ndi chigongono chija,
kuti magetsi akabwera, kaya usiku kaya Lachitatu,
dzanja lisadzaiwale pokhotera.